Kumene Wosamuka Sasiya Bwinja

Amayi anzanga, aliyense wa ife amene adakulira kumudzi amalidziŵa bwinja. Banja likasamuka, malo amene lidali kukhalapo saiŵalika msanga. Mafuwa atatu amatsala pamene mayi ankaphikira, mtengo wa mango umapitiriza kubereka, ndipo mvula ikagwa, padzala pamamera maungu ndi bonongwe wonenepa. Mwana wobadwa pambuyo pake akamadutsa ndi agogo ake amalozeredwa kuti, "Apa mpamene adabadwira amako." Sabata ino ndifuna ndikusimbireni za mzinda umene ndidakaona anthu akusamuka osasiya ngakhale chiboo cha msomali pakhoma, ndiponso za phunziro limene ndidabwera nalo kuchokera kumeneko.

Kwathu kwenikweni ndi ku Mitundu, kufupi ndi phiri la Bunda, koma ndidatengedwa chitengwa kupita ku Nathenje, kwawo kwa abambo a kunyumba. Kusamuka kwanga kudali kwa ngolo imodzi. Mudali mtondo ndi munsi, mitsuko iŵiri, mphasa, malichero, ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Abale adandiperekeza, ndipo m'maŵa mwake amayi a mudzi watsopanowo adabwera ndi dothi kudzandithandiza kuzira nyumba. Kusamuka kumene ndidali kukudziŵa nkomweko, kamodzi kokha pa moyo wanga wonse.

Mwana wanga wamkazi adatsatira mwamuna wake ku South Africa m'chaka cha 2014. Mu Juni 2023, titangomaliza kukolola, adanditumizira ndalama zoyendera kuti ndikamuone ku Cape Town. Ndidakwera basi ku Lilongwe, ndipo idadutsa pa Nathenje pomwepa, ine ndikuyang'ana phiri la Ngala pawindo ngati mlendo. Tidaloŵa m'dziko la Mozambique pachipata cha Dedza, tidawoloka Zambezi ku Tete, kenaka Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Johannesburg. Kumeneko ndidakwera basi ina ya ulendo wa makilomita pafupifupi 1,400, yodutsa m'chigwa chouma cha Karoo, mmene munthu amayenda maola ambiri akungoona nkhosa ndi tizitsamba. Kale dziko limeneli kunkapita abambo athu okha, a Wenela, mpaka pamene ndege idagwa ku Francistown mu 1974 nkupha Amalaŵi 74 ochokera kumigodi, boma nkuimitsa kulemba anthu. Mubasi imene ndidakwera ine, amayi adalimo ochuluka ngati abambo.

Chodabwitsa choyamba chidali mvula. Kuno kwathu Juni ndi mwezi wa chisanu chouma, koma ku Cape Town mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo imabwera ndi mphepo yochokera kunyanja yolasa mpaka m'mafupa. Mitambo itachoka ndidaona Table Mountain, phiri lalitali mamita opitirira 1,000, losalala pamwamba ngati thebulo lenileni. Mzinda udamangidwa pakati pa phirilo ndi nyanja yamchere. Padoko pamaima sitima zapamadzi zazitali kuposa msika wonse wa Mitundu, ndipo makina ataliatali amakweza ndi kutsitsa katundu usana ndi usiku. Azungu a ku Holland adakhazikika pamenepa mu 1652 kuti sitima zawo zizipezapo madzi ndi ndiwo. Patali pang'ono m'nyanja pali chilumba cha Robben, pamene Nelson Mandela adakhala m'ndende zaka 18. Doko limeneli lili ndi mbiri yathu ifenso. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay amene adaphunzira ku Livingstonia, adayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU mumzindawu mu 1919, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho adatsogolera onyamula katundu padoko kunyanyala ntchito pofuna malipiro abwino.

Mwana wanga ankakhala ku Camps Bay, dera la anthu olemera kwambiri, kumene nyumba zidamangidwa pamtsetse wa phiri kuti iliyonse iziyang'ana nyanja. Iye ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa dona wina wachikulire wamasiye, ndipo akamwini ankasamala maluŵa ndi kapinga. Nyumba ya adonayo idali ndi zipinda zambiri zosagonamo munthu, pamene anawo, pamodzi ndi mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa galaja. Inu mukudziŵa kuti mpongozi sagona chipinda chimodzi ndi mkamwini. Choncho masiku onse amene ndidakhalako akamwini ankakagona kwa mnzawo, ndipo ndidachita nazo manyazi kwambiri.

Usiku wachiŵiri mwana wanga adandiuza chimene adandiitanira. Adona adali atagulitsa nyumbayo chifukwa idaŵakulira, ndipo adali kusamukira m'nyumba yaing'ono yalendi pamdadada wina ku Sea Point. Kumeneko kudalibe chipinda cha wantchito, kudalibenso maluŵa oti munthu athirire. Iye adauzidwa kuti azipita kuntchito masiku atatu pa sabata, akamwini ntchito idaŵathera, ndipo kachipinda kaja kadayenera kuperekedwa pamodzi ndi nyumba Lachisanu pa 30 Juni. Kumeneku kudali kusamuka kwawo kwachisanu m'zaka zisanu ndi zinayi.

"Nanga bwanji sudandiuze pafoni, mwanawe?" ndidafunsa motero.

"Amayi, pafoni mukadangoti pepa. Ndidafuna mudzaone ndi maso anu."

Kusamuka kwa anthu olemera ndidakuona kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Sabata yonse tidali kulongedza. Kapu iliyonse idakulungidwa m'pepala lakelake, katoni iliyonse idalembedwa nambala ndi dzina la chipinda chimene ikupita. Tsikulo litafika kudabwera lole yaikulu ya kampani yosamutsa anthu, ndi anyamata ovala maovolosi ofanana. Adakulunga mipando m'mabulangete, adaŵerenga katundu yense ndi kumulemba papepala, ndipo adona adasaina. Katunduyo adali ndi inshuwalansi, kotero kuti chinthu chikasweka panjira pamakhala malipiro. Koma ndidaona kuti panalibe woyandikana naye ngakhale mmodzi amene adabwera kudzagwirako katoni kapena kudzatsanzika. Mipanda ya m'deralo njaitali, ya waya wamagetsi pamwamba, ndipo munthu atha kukhala zaka zambiri osadziŵa dzina la mnzake wa khomo linalo.

Katundu atachoka, ntchito yeniyeni idayamba. Akamwini adazula misomali yonse imene padakoloŵekedwa zithunzi, adamata ziboo zake, nkupakapo penti. Ife tidakolopa, tidatsuka mawindo, tidapala mafuta onse pachitofu. Pafelemu ya chitseko cha kukhitchini padali timizere ta pensulo tosonyeza msinkhu wa ana a adonawo chaka ndi chaka, ana amene tsopano ali ku London ndi ku Australia. Adona adaimirira pamenepo nthaŵi yaitali, kenaka adagwedeza mutu kuti akamwini apakepo penti. Adatulukanso panja nkukagwira mtengo wa mandimu umene malemu amuna awo adabzala, ndipo ndidaona akupukuta misozi. Sitidamvane chinenero, koma ndidaŵamvera chisoni monga mayi mnzanga. Pofika madzulo nyumba idali mbee, ngati simudakhalepo munthu, ndipo makiyi adaperekedwa.

Ku Sea Point ndidaona chinthu china chimene amayi amene muli ndi ana kumeneko muyenera kuchidziŵa. Adona asanaloŵetse katundu, woyang'anira nyumbayo adayenda nawo chipinda ndi chipinda, akulemba mng'alu uliwonse ndi banga lililonse. Limeneli ndi lamulo la dzikolo la nyumba zalendi la chaka cha 1999. Wochita lendi amapereka ndalama ya chikole, ndipo mwininyumba ayenera kuisunga kubanki kumene imapindula chiwongoladzanja. Poloŵa ndi potuluka, aŵiriwo amayendera nyumba pamodzi. Ngati palibe chowonongeka kapena ngongole, chikolecho chimabwezedwa ndi phindu lake pasanathe masiku asanu ndi aŵiri. Pakakhala mkangano pali bwalo lomva madandaulo a lendi losalipiritsa. Lamuloli limateteza ngakhale wokhala m'kachisakasa ka kuseri kwa nyumba ya wina. Vuto nlakuti ana athu ambiri salidziŵa, ndipo ena amaopa kuonekera kumaofesi chifukwa cha mapepala awo.

Kusamuka kwathu ife kudachitika dzuŵa litapendeka, pa kagalimoto kamodzi kaganyu ka mnyamata wa ku Mangochi. Mudakwana bedi, matilesi, firiji yaing'ono, mapoto, zikwama zinayi, ndi mipando iŵiri imene adona adatipatsa. Tidamanga pepala lapulasitiki pamwamba chifukwa mvula idayambanso kuwaza. Tidatsata msewu wa Victoria, umene umayenda m'mphepete mwa nyanja munsi mwa mapiri otchedwa Twelve Apostles. Kudzanja lamanja mafunde adali kumenya miyala mwaukali, ndipo nditaona nyumba zoyera za ku Llandudno kumunsi kwa msewu ndidadzifunsa kuti dziko limodzi lingakhale bwanji ndi chuma chotere ndi kusoŵa kotere nthaŵi imodzi. Titakwera chitunda tidatsetserekera ku Hout Bay.

Hout Bay ndi chigwa chokongola chokhala ndi doko la asodzi. Dzinali limatanthauza gombe la mitengo, pakuti azungu oyamba aja ankadula matabwa kumeneko. M'chigwamo muli nyumba zazikulu za minda ya maluŵa ndi makola a akavalo. Koma pamtsetse wa phiri pali mudzi wotchedwa Imizamo Yethu, umene udayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'Chixhosa dzinali limatanthauza kuyesetsa kwathu. Muli nyumba zina zanjerwa, koma zochuluka ndi zisakasa zamalata ndi matabwa zothithikana, khoma kukhudza khoma. Mmenemo ndimo mumagona anthu ambiri amene amasesa, kuphika ndi kulima maluŵa m'nyumba zazikulu zija, ndipo Amalaŵi alimo ambiri, kotero kuti munthu amamva Chicheŵa, Chiyao ndi Chitumbuka m'tinjira take.

Galimoto idaima pamene msewu udathera. Kuchokera apo katundu adayenera kuyenda pamutu, m'kanjira kamatope kopapatiza moti anthu aŵiri sangapambane. Apa mpamene mtima wanga udatsikako. Tisanatsitse nkomwe, padatulukira amayi atatu ovala zitenje, wina wa ku Mzimba, wina wa ku Nkhata Bay, wina wa ku Dedza, onse opemphera mpingo umodzi ndi mwana wanga. Adandigwadira nkundipatsa moni wakwathu. "Mwatiyendera, agogo? Kumudzi mwaŵasiya bwanji?" Kenaka aliyense adapinda nsalu kukhala nkhata nkusenza. Nanenso ndidasenza dengu la mapoto, ndipo kwa nthaŵi yoyamba chifikire ndidamva kuti manja anga ali ndi ntchito imene amaidziŵa. Usiku umenewo tidaphika nsima ndi nsomba yaitali ya m'nyanjamo yotchedwa snoek, imene imagulitsidwa padoko m'nyengo yozizira, ndipo mchere tidapempha khomo loyandikana nalo.

Mwini chisakasacho adalandira lendi ndi chikole m'manja, popanda pepala. Nditakumbukira zimene ndidaona ku Sea Point ndidauza mwana wanga kuti apemphe lisiti, ndipo mwiniyo adalemba pa tsamba la kope akung'ung'udza. Ndidaonanso mwana wanga akukhoma msomali pafupi ndi chitseko nkukoloŵekapo kachikwama kakuda. Nditafunsa, adati muli mapasipoti, makadi a chipatala a mwana, ndi ndalama pang'ono. Mu Malichi 2017 moto waukulu udabuka m'mudzi umenewu usiku, udapsereza nyumba zoposa 2,000 ndipo anthu ena adafa. Pamalo othithikana chotero, mphepo ikamawomba, kandulo imodzi imatha mudzi, ndipo galimoto zozimitsa moto zimalephera kuloŵa. Nchifukwa chake mayi aliyense wa kumeneko amagona akudziŵa chimene adzayambe kunyamula.

Loŵeruka lotsatira mwana wanga adanditengera m'tauni pa basi za MyCiTi kuti ndikaone malo otchedwa District Six. Kumeneko, kufupi ndi doko, kudali mudzi waukulu wa anthu a mitundu yosiyanasiyana, wokhala ndi matchalitchi, mizikiti, masukulu ndi masitolo. Mu 1966 boma la tsankho lidalengeza kuti malowo ndi a azungu okha. M'zaka zotsatira anthu opitirira 60,000 adasamutsidwa mokakamiza kupita kuchigwa chamchenga cha Cape Flats, kutali ndi ntchito zawo, ndipo nyumba zawo zidagumulidwa. Matchalitchi ndi mizikiti ina yokha ndiyo idatsala. Ndidaona udzu ukumera pamalo aakulu pakati pa mzinda wodula chotero, ndipo ndidati mumtima, bwinja lija nali. M'nyumba yosungira mbiri ya malowo, imene idatsegulidwa mu 1994 m'tchalitchi chakale cha Methodist, muli mapu aakulu oyalidwa pansi, pamene eni ake adabwera kudzalemba maina awo pamalo pamene padali makomo awo. Mulinso zikwangwani zenizeni za misewu yakale. Tsankho litatha boma lidalola anthu kuitanitsa malo awo, koma obwerera ndi ochepa, ndipo ambiri adamwalira akudikira. Ndidaona kuti munthu akachotsedwa pamalo ake, kubwererapo nkovuta kuposa kuchokapo.

Tsopano ndiulule mlandu wanga. Ku Mitundu kuli munda ndi malo a bwinja la malemu mayi anga. Popeza ine ndili ku Nathenje ndipo mwana wanga adali kutali, malowo adali kungogonera. Masiku ano anthu a mumzinda wa Lilongwe akugula malo kwambiri mbali ya kwathu, ndipo bambo wina adabwera ndi mtengo wokopa. Ine ndi alongo anga, amene ndiwo eni mbumba, tidagwirizana zogulitsa, ndipo tidalandirako ndalama yoyamba. Ndidali nditaŵerengera kale malata atsopano ndi matumba a feteleza. Mwana wanga sindidamuuze.

Usiku wa Loŵeruka lomwelo, mvula ikugogoda pamalata, iye adayankhula mumdima.

"Amayi, ndamva kuti munda wa agogo mukugulitsa."

Ndidayesa kuyankha kuti munda wosalimidwa ndi thengo, ndipo iye ali ndi moyo wake kuno kutauni.

"Moyo wake ndi uwu mwauonawu, amayi. Kachipinda kaja kadali ka adona. Chisakasa chino ncha eni ake. Ku Nathenje nkwawo kwa abambo, inu ndinu mtengwa. Ndikadzatopa, kapena akadzatipitikitsa, katundu wanga ndidzakamutula pakhomo pa yani?"

Ndidasoŵa mau. Mwambo wathu Acheŵa ndimaudziŵa bwino, kuti mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malo amene palibe angamuthamangitsepo ndi a kwa mayi ake. Ndidakumbukiranso ndalama zimene adali kunditumizira zaka zonsezo. Zina zidapita kumaliro, zina kufeteleza, zina kuzitenje zamisonkhano, ndipo panalibe njerwa ngakhale imodzi imene ndikadamulozera. Ndidali kuganiza kuti ndalama za ku Joni zimachokera pachitsime chosaphwa, osadziŵa kuti zimachokera m'maondo a mwana wanga pokolopa nyumba za eni.

Mmalaŵi wokacheza ku South Africa amapatsidwa masiku 30 okha, choncho ndidabwerako pakati pa Julayi. Sindidakhalitse ku Nathenje. Ndidapita ku Mitundu nkukagwada pamaso pa alongo anga kuti tibweze ndalama ija. Sichidali chapafupi. Gawo lawo adali atagwiritsa kale ntchito, ndipo adandiuza mosabisa kuti ndaŵachititsa manyazi kwa wogula uja ndi kwa amfumu. Ndidagulitsa mbuzi zinayi ndi matumba a mtedza kuti ndikwaniritse ndalamayo, ndipo padapita miyezi tisanadyere mbale imodzi. Koma nkhani idakambidwa pabwalo la amfumu, malire adapondedwa pamaso pa mboni, ndipo malowo adatchulidwa kuti ndi a mwana wanga ndi mdzukulu wanga. Mu Seputembala chaka chomwecho tidaumba njerwa pabwinja la mayi anga, pafupi ndi mtengo wa mango umene adabzala. Kuyambira pamenepo ndalama iliyonse yochokera ku Cape Town ndimailemba m'kope, ndipo gawo la nyumba silikhudzidwa ngakhale kugwe maliro.

Amayi anzanga a ku Mitundu, a ku Nathenje, ndi inu a m'tauni, ambiri a ife tili ndi mwana, mlongo kapena mwamuna kunja. Akatitumizira zithunzi ataima pagombe lokongola, tisaganize kuti gombelo ndi lawo. Tiŵafunse mofatsa kumene amagona, ndi kuti nyumbayo nja yani. Tiŵakumbutse kutenga lisiti pa lendi ndi chikole chilichonse. Pa ndalama zimene atitumizira tipatuleko yoika pa chinthu chooneka ndi maso. Ndipo wogula malo akafika pakhomo ndi galimoto yonyezimira, tisanalandire kanthu tiyambe taŵerenga ana onse a mbumba, ndi omwe ali kutali. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere, ndipo nkwanzeru kukafunsa kwa amfumu ndi kuofesi ya za malo m'boma lathu mmene tingachitire.

Akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Nyumba ya ku Mitundu sidathe, zitseko ndi mawindo zikadali kudikira. Koma mwana wanga akaimba foni safunsanso za mvula kapena za mbuzi poyamba. Amafunsa ngati mango a agogo ake abereka.